Tsiku Limene Kamera Inazima Pamaso pa Akulu Anga

Iwe Mapalo, kakamerako kaike pathebulo mwaulemu, si sopo ameneyo. Ndakuona ukukatembenuza uku mukuseka ndi Dalitso, eti Ambuya anagula chidole. Chidole! Inu ana, mukanadziwa kuti kanthu kameneka n'kamene kachititsa kuti mvula ikagwa tiziika beseni pakona ya chipinda changa, bwenzi mukukapatsa moni mutagwada. Khalani pansi. Mafoni anuwo muwagoneke chafufumimba, ndikuuzeni mmene ndinakagulira ndi mmene kanandichititsira manyazi pamaso pa mudzi wonse.

Inu mumadzijambula mukudya, mukuyasamula, ngakhale musanasukusule. Ine zimenezo zimandiimitsa mutu mpaka lero. Pamene ndinafika kuno ku Kitwe ndili wongokwatiwa kumene, kujambulitsa inali ntchito yokonzekera ngati ubatizo. Wojambula ankabwera panjinga Lamlungu Misa ikatha, chikamera chili lende pakhosi. Akangoliza belu, mzere wonse wa nyumba za mgodi unkatekeseka. Wina kuthamangira kukasamba kachiwiri, wina kukupiza makala a m'simbi, ana kuwadzoza mafuta mpaka ntchentche kutsetsereka. Jekete ya a Tembo apaneba inajambulidwa pa amuna theka la komboni, malemu ambuya anu aamuna omwe. Ena ankakumbatira wailesi yakufa, bola ioneke. Ndipo munthu sunkaseka. Kuonetsa mano pachithunzi kunali kupepera. Unkaima njo, nkhope ili gwaa, kenako n'kudikira milungu kuti akatsuke.

Zonsezo zinali za m'tauni. Kumudzi kwathu, uko ku Katete, wojambula sankafikako. Ndiye akulu anga a Velonika, amene anatsala kumudzi ine nditatengedwa kubwera kumigodi, anakalamba opanda chithunzi chenicheni. Chimene anali nacho n'cha pa reji basi, chitupa cha boma chija, ndipo pamenepo anali akadali ndi masaya.

Mwana wa mlongo wathu wa ku Chipata anawajambulapo ndi foni. Foniyo anamubera pasiteshoni, ndipo akulu anga ankati anabedwa nawo limodzi. Kuyambira pamenepo mawu akuti foni sankafuna kuwamva.

Tsiku lina ndili pabenchi langa la nyemba pamsika wa ku Kwacha, kafoni kanga kamabatani kanalira. Anali iwo, atabwereka foni ya apongozi awo, mkazi wa mwana wawo. Moni sanatalikitse.

"Iwe Rozina, dzulo taika Nasitaziya."

Nasitaziya anali mnzawo wa kuubwana. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Leka, mvera. Patsogolo pa bokosi ananyamula chithunzi cha pa reji, atachikulitsa. Sanali Nasitaziya yule. Unali utsi wovala duku, chidindo cha boma chili pakhosi. Ine sindifuna kupita choncho. Bwera udzandijambule ndikali kuona, ndi kamera, chituluke chapepala. Wamva?"

Mkulu wako akati wamva, suyankha kuti ndiganize kaye. Ndinati ndamva, Asisi. Koma nditatseka foni, kasitomala ankandifunsa mtengo wa nyemba ine osamumva. Mawu awo anali atachepa, ngati a munthu wolankhulira m'chipinda china, ndipo ndinachita mantha.

Ndinayamba ndauza amalume anu a Petulo, aja a ku Pamodzi ku Ndola, poti ndiwo ophunzira pabanja pano. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Amama, manje kamera ni ya chani masiku ano? Nizakupasani foni yanga, mukajambule, mubweze. Osataya ndalama."

Ndinati foni akulu anga anaikana. Iwo amvekere, "Ndiye muwanamize chabe kuti ni kamera." Taonani ana a masiku ano! Munthu wa muofesi, tayi pakhosi, kundiphunzitsa kunamiza mkulu wanga. Ndinawauza kuti akhale ndi foni yawo, ndipo m'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita m'tauni ndekha.

Sitolo ya makamera inali yozizira ngati mochare, zinthu zonse zili m'magalasi. Mtsikana wogulitsa anandilandira bwino, "Mwaiseni mayo," ndipo atamva Chibemba changa chopindika anasinthira ku Chinyanja. Anayamba kundionetsa zikuluzikulu, zokhala ndi mlomo wautali ngati musi. Ndinati mwana wanga, ine ndikukwera basi, sindikupita kunkhondo. Ndikufuna kolowa m'chikwama, kosalemera, koti nkhalamba ingodina pamodzi. Pamenepo ndi pamene anatulutsa aka.

Anakayatsa, kadiso kake n'kutuluka kokha. Analoza tsidya la msewu kumene mayi wina ankagulitsa nthochi, n'kukankha kabatani. Inu ana, mayi uja anabwera mpaka m'manja mwanga! Ndinaona mpaka pini imene anamangira bulauzi yake. Ndinabwerera m'mbuyo n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Mtsikana uja anati kameneka kamakoka zakutali, ndipo chithunzi chake ungachikulitse ngati kalendala osasungunuka. Mtima wanga unati ndi komweka.

Ndiye ndinafunsa mtengo mwa Chibemba, kuti asandione ngati mlendo, "Ni shinga?"

"Sikisi sauzande faifi handiredi, mayo."

Khutu linalira. Ndinamufunsa ngati pamtengo umenewo akupereka ndi njinga yomwe. Anaseka, ine sindinaseke. Kanthu kochepa kuposa chikhatho changa, kodula kuposa ukwati wanga wonse ndi mowa womwe! Ndinatuluka osatsanzika bwino. Panja dzuwa linandiwomba ngati ndachokera kuchipatala.

Ndinatsikira kumsika waukulu, kumene chilichonse chimapezeka, ngakhale chimene unataya dzulo. Bambo wina anali ndi makamera akale atawayala pakati pa mawotchi ndi matochi. Anandisankhira kena kofiira, kokalikakalika m'mbali, kodya mabatire wamba aja a m'kantemba. Mtengo wake unali wa thumba limodzi la nyemba, ndipo ndikanalimbikira akanatsitsa. Ndinati tandijambulani ndione. Anadina, n'kundionetsa. Mayo ine! Maso analipo, mphuno inalipo, koma zonse zinali ngati ukuona munthu kudzera m'madzi otsukira mpunga.

"Osadandaula mami, mukachapa izabwera bwino," anatero.

Ndinapita kunyumba mutu uli balala. Mlungu wonse ndinkangoyeza zinthu ziwirizi ngati ndikuyeza nyemba pa sikelo. Mnzanga wa benchi loyandikana, Bana Mulenga, anati ndisapenge, chithunzi chofunika n'chimodzi chokha, ndigule kofiirako, chenji ndiwonjezere katundu. Zinali zoona. Ndipo ndalama imene ndinali nayo inali ya chilimba, ija timasonkherana amayi a pamsika mwezi ndi mwezi. Ulendo umenewo inagwera ine, ndipo ndinali nditaiikira malata a chipinda changa. Malata ndi kamera, munthu wanzeru angasankhe chiyani?

Koma ndikatseka maso ndinkaona utsi wovala duku uja. Ndinkadzifunsa kuti ndikayenda mtunda wonsewo, akulu anga n'kuvala, n'kukhala pampando, kenako pepala n'kutuluka madzi a mpunga, ndidzawauza chiyani? Kuti ndinapulumutsa malata? Nyemba zikaola umagula zina. Akulu anga ndinali nawo amodzi, ndipo anali okalamba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamanga ndalama ija pansonga ya chitenje n'kubwerera kusitolo yozizira ija, miyendo ikukana.

Ndinapereka ndalamayo. Mtsikana uja analongosola zambiri: apa poyatsira, apa podinira, aka ndi kakhadi kosungira zithunzi, ili ndi batire lake, likatha mumalichotsa n'kuliika m'kabokosi kakuda aka, n'kulumikiza kumagetsi. Ine ndinkangoti ee, ee, koma maso anali pa ndalama yanga ikulowa m'dirowa. Anandidzazira batire, n'kundipatsa zonse m'katoni yokongola.

Tsono apa mumvetse bwino mmene ife akazi a kumigodi tinaleredwera. Chinthu chatsopano ukagula, katoni yake sutaya, ndipo zam'kati mwake sumwaza. Zingwe, timapepala, tipulasitiki, zonse zimakhala momwemo, katoniyo n'kukwera pamwamba pa wadiropu. Kayang'aneni, mukapeza katoni ya simbi imene inapsa amayi anu ali kusukulu, ndi ya wailesi imene ambuya anu aamuna anagula ndi bonasi. Ndi mmene tinkasamalira zinthu. Ndiye ine ndinatulutsa kamera yokha, n'kuikulunga m'sokosi yoyera. Kabokosi kakuda kaja ndi chingwe chake ndinazibwezera bwinobwino kuti zisakasowe kumudzi, katoni n'kukwera pamwamba kwa anzake.

Ulendo wa kwathu masiku ano ndi masewera. Kale tinkakwera sitima mpaka ku Lusaka, n'kugona pasiteshoni titatsamira mitolo, nkhuku yowotcha ndi mbatata zili m'kabasiketi. Basi ya kum'mawa inkalira m'mapiri ngati ng'ombe yodwala, ndipo pena amuna ankatsika kukaika miyala kumatayala. Unkafika fumbi lili mpaka m'makutu. Lero mpando wofewa, nyimbo, mpaka kanema. Ndiye poti manja anali omasuka, ndinavula kamera sokosi yake kuti ndiphunzire.

Ha, ndinajambula! Msewu umenewu ndauyenda moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanauone. Mapiri aja ndinkawakokera pafupi mmodzimmodzi. Pa Luangwa basi itaima, ndinajambula nsomba zouma zili mulumulu, madengu, mphasa, mayi wokazinga nsomba utsi uli tolotolo. Ndinajambula mlambe, ngolo ya ng'ombe, khanda la mayi amene ndinakhala naye. Ndipo chithunzi chilichonse chinkayenda basi yonse, dzanja ndi dzanja, anthu akuti, "Iyi ndiye kamera, mami." Ndinadzimva ngati nduna. Kunena zoona, zithunzi za ulendo umenewo n'zokongola mpaka lero, ndipo sindidandaula nazo.

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Akulu anga anatuluka akugwira khoma. Anali atachepa, inu ana, dzanja lawo m'dzanja langa linali ngati la mwana. Koma pakamwa panali pomwe paja. Anayang'ana kamera n'kunena kuti, "Kameneka? Ndimayesa ubwera ndi chinthu." Ndinafuna kuwajambula pomwepo, iwo anakana kwamtuwagalu. Munthu sajambulitsa ndi thukuta la tsiku lonse, anatero. Mawa, akasamba, akasita diresi lawo la Pasaka.

M'mawa kusanatenthe, anthu anayamba kubwera kudzapereka moni kwa mlendo, monga mwa mwambo. Ndipo mbiri inali itawanda kale kuti Rozina wabwera ndi kamera. Oyamba anali alamu athu a Zulu, ang'ono awo a malemu amuna a akulu anga, atavala jekete, akukankha njinga yotsukidwa mpaka masipoko. Atatha moni anakhosomola n'kunena kuti, "Alamu, tamva kuti mwatibweretsera zabwino."

Inu ana a m'tauni simungamvetse. Kumudzi chimene chabwera ndi mlendo n'cha onse. Ukabwera ndi shuga, khomo lililonse lilawe. Ndiye ungajambule mmodzi, wina n'kumuuza kuti iwe ayi? Mawa lake akulu anga akanakhala bwanji ndi anthu amenewo, ine nditabwerera ku Kitwe? Ndiwo amawatungira madzi, ndiwo adzawakumbire manda. Ndinaimirira n'kuyamba ntchito.

A Zulu ndi njinga. A Zulu ndi akazi awo. A Zulu ndi mbuzi zawo, chifukwa anati ana awo a ku Lusaka sakhulupirira kuti zaswana. Kenako akatekisiti ndi buku la nyimbo, amayi a kwaya, mayi wina ndi mapasa, nkhalamba ina imene inachita kunyamulidwa. Ndipo aliyense akajambulidwa ankafuna kudziona pakagalasi kakumbuyoka, n'kuitana wa kutsidya kuti adzamuone, wa kutsidyayo n'kufunanso chake. Kuseka kunali kumeneko sindinakumvepo chiyambire. Pakona ya kagalasi panayamba kuphethira kanthu kofiira. Ndinakaona, koma panalibe womufunsa, ndipo mzere unali usanathe.

Nthawi yonseyo akulu anga anali pa ntchito yawo. Anatenthetsa madzi, anapita kubafa ndi ndowa, anasita diresi ndi simbi yamakala, osalola wina kuwathandiza. Anati iwo adzakhala omaliza, anthu akachepa, kuti ndidzawajambule modekha.

Dzuwa lili pamutu anatuluka. Diresi la buluu, duku loyera lomangidwa mwa kale, kolona m'manja, nsapato zimene anazisunga zaka osaziponda. Apongozi awo anaika mpando pansi pa mtengo wa mango. Anakhala, anakonza diresi pamaondo, anawongola msana umene ndinkayesa sungawongokenso, nkhope n'kuiumitsa gwaa monga timachitira. Anali okongola, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga.

"Jambula," anatero osagwedeza milomo.

Ndinakweza kamera. Ndinawaona m'kagalasi, bwinobwino, duku mpaka nsapato. Chala chisanafike pa batani, kanthu aka kanalira kamodzi, kadiso kake n'kubwerera m'kati ngati mutu wa kamba. Kagalasi bii.

Ndinadina poyatsira. Zii. Ndinakagwedeza, ndinakapukuta ndi chitenje, ndinachotsa batire n'kuliika padzuwa monga tinkachitira ndi a wailesi. Zii. Thukuta linatsika msana wonse. Akulu anga anali chikhalire, osaphethira, akudikira.

"Watha?" anafunsa.

"Asisi, moto watha."

"Moto wa chiyani?"

"Wa kamera."

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana a Zulu, n'kuyang'ana mbuzi zili pamthunzi, n'kubwerera kwa ine.

"Mbuzi wajambula?"

"Ndajambula, Asisi."

"Zonse?"

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. A Zulu, poona kuti zinthu zaipa, anakwera njinga ndi batire lija kupita kumasitolo a pamsewu, kumene kuli kantemba kotchajira mafoni ndi sola. Anabwera madzulo ali wefuwefu: ayesa zingwe zonse, palibe cholowa, batire limeneli likufuna kabokosi kake. Kabokosi kake kanali pamwamba pa wadiropu ku Bulangililo kuno, kali bwinobwino m'pulasitiki. Ndipo chimene chinandipweteka koposa n'chakuti pa kantemba komweko mabatire wamba anali mbwee. Ndikanagula kofiira ka kumsika kaja, bwenzi nditangotuma munthu.

Aphunzitsi ena a pasukulu anabwera ndi foni yawo yaikulu kuti athandize. Akulu anga anali atalowa kale m'nyumba. Anayankhira m'katimo kuti, "Ndinavalira kamera, sindinavalire foni." Nditalowa ndinawapeza atavula duku, akulipinda pamaondo mosamala. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangoti, "Wayesa, mwana wa amayi," n'kuika nsapato zija m'pulasitiki mwake.

Ndinabwerera ku Kitwe ngati wochokera kumaliro. Pa Luangwa sindinatsike n'komwe. Bana Mulenga atamva anagwira pakamwa, ndipo amalume anu a Petulo anati, "Amama, sininakambe?" Ndinawayang'ana mpaka anapita kukaona ngati galimoto yawo ili bwino panja. Mvula yoyamba itagwa, denga linayamba kudontha pomwe paja, ndipo dontho lililonse m'beseni linkandiseka.

Komabe anthu a kumudzi ankadikira zithunzi zawo, ndipo lonjezo ndi lonjezo. Nditapita ku Ndola kukaona mwana wa a Petulo atabadwa, ndinatenga kakhadi kaja kupita nako kumalo otsukira zithunzi m'tauni. Mayi wa pamenepo anakalowetsa m'kompyuta, zithunzi n'kuyamba kudutsa pagalasi lalikulu kuti ndisankhe. Nsomba, mapiri, khanda, a Zulu, a Zulu, a Zulu. Ndinkangoti icho, icho, mtima uli kwina. Kenaka ndinakuwa kuti, "Imani!" mpaka anthu a pamzere anatembenuka.

Chinali chithunzi china cha a Zulu ndi njinga, chifuwa atatulutsa ngati tambala. Koma kumbuyo kwawo, patali, pafupi ndi nkhokwe, panali munthu akudutsa. Akulu anga, akupita kubafa, ndowa m'manja, chitenje chakale chomangidwa pachifuwa, kumutu kopanda duku, imvi zili mbuu. Anali atacheuka kuyang'ana alamu awo akudzikuza, ndipo ankaseka. Kuseka kwenikweni, mutu atapendeketsa, mpata wa mano uli poyera.

Ndinafunsa mayi uja ngati angathe kuchotsa bambo wa njingayo n'kusiya mayi wakumbuyoyo. Anati tiyese. Anakoka, nkhope ija n'kukula. Anakokanso, n'kukulabe. Ine ndinagwira mpweya kudikira kuti isanduke utsi. Siinasanduke. Makwinya onse analipo, mphini za pamasaya, kachipsera ka pachipumi kamene anapsa tili ana, mpaka kuwala kwa m'maso.

"Mami, kamera yanu ni yabwino," anatero mayi uja. "Tuja tochipa, apa sembe ni phala chabe."

Ndinati atsuke chachikulu, aike m'felemu. Koma chimwemwe changa chinali ndi mantha m'kati. Munthu amene anakana kujambulidwa ndi thukuta, ndikamuonetse ali ndi ndowa, mutu uli pamtunda, mano panja? Ndinadziwa kuti akandithamangitsa.

Inu mukukumbukira pamene tinapita kukaika ambuya a Velonika chaka chatha m'nyengo ya Lenti, ndipo iwe Mapalo unandinong'oneza kuti bwanji patsogolo pa bokosi anyamula chithunzi cha munthu wosavala bwino. Ndinakutsina kuti ukhale chete. Lero ndikuyankhe.

Mvula ya beseni ija itatha, misewu itauma, ndinabwererako iwo akadali moyo. Ulendo uno batire linali lodzaza, kabokosi kakuda ndi chingwe zili m'chikwama, ndipo kamera sinatuluke m'sokosi njira yonse ngakhale mapiri anandikopa. Sindinauze munthu kuti ndikubwera. Ndinawapeza atagona pamphasa m'nyumba, atachepanso kuposa kale. Ndinati, "Asisi, ndabwera kudzakonza mlandu wanga. Mawa muvale, ndiyambe ndi inu, a Zulu adikire." Anaseka pang'ono n'kutsokomola.

Madzulo ake ndinagawa zithunzi za anthu, mudzi wonse uli chikondwerero. Felemu ija ndinaibisa pansi pa zovala. Koma apongozi awo anaiona pondithandiza kumasula katundu, ndipo asanaganize anafuula, "Amama, bwerani muone!" Ndinafuna kuilanda, koma akulu anga anali atatambasula kale dzanja.

Maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndiye anakwawira pakhomo pamene panali kuwala. Anaiyandikitsa kumaso, n'kuitalikitsa, n'kuiyandikitsanso. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikudikira bingu.

"Amayi," anatero motsitsa. Kenaka mokweza, mawu a kamtsikana, "Amayi! Rozina, amayi wawapeza kuti?"

Tsitsi linandiimirira. Amayi athu anamwalira ine ndili ndi mimba yoyamba kuno ku Kitwe, ndipo uthenga unandipeza atawaika kale. Sanasiye chithunzi, ngakhale cha pa reji chinapsa ndi nyumba. Zaka zonsezi ndinkati ndikawakumbukira ndimaona chitenje chawo ndi manja awo, koma nkhope inali itandithawa, ndipo ndinkachita manyazi kuuza munthu. Ndinagwada pambali pa akulu anga n'kuyang'ananso. Mutu wopendekeka uja, mpata wa mano uja, ndowa m'dzanja lamanzere. Ndinakhala ndi chithunzi chimenecho m'nyumba mwanga dzinja lonse osaona. Anali amayi, akuseka atate pobwera kumowa.

"Asisi," ndinatero, "si amayi. Ndinu. Tsiku lija, mukupita kukasamba."

"Usandinamize. Ine sindinakalambe chonchi."

"Onani chipsera pachipumi."

Anakweza dzanja n'kugwira chipumi chawo, chala china chili pagalasi. Anakhala choncho nthawi yaitali, nkhuku zikulowa m'khola, apongozi awo ataima ndi nyali osaiyatsa. Tinalira tonse awiri, nkhalamba ziwiri pakhomo, osati mokuwa ayi.

Nditapukuta maso ndinati, "Musadandaule, ichi ndibwerera nacho. Mawa tijambula chenicheni, cha diresi la buluu."

Anakumbatira felemu ija pachifuwa ngati ndikufuna kuwalanda mwana.

"Kamera yako isiye m'sokosi momwemo," anatero. "Diresi aliyense ali nalo. Patsogolo pa bokosi langa mudzanyamule chomwechi, anthu adzaone kuti ndinali mwana wa yani."